Ankhoswe a Mpunga

Tsiku la sadaka ya malemu agogo litafika, panyumba pa a Zainab panali chilichonse kupatula mpunga. Nkhuni zinali mulu. Mbuzi anali atazinga kale m'mamawa, migolo inali yodzaza madzi, ndipo mitondo inali chiimire pansi pa mtengo wa mango. Amayi a m'mudzi amene anabwera kudzathandiza anakhala kuseri kwa khitchini, malichero ali pamiyendo, akungoyang'anana. Aliyense anali atabweretsa kambale kake ka mpunga monga mwa mwambo wa pamaliro, koma zonse ataziphatikiza sizinadzaze ngakhale dengu limodzi.

Laila, mwana woyamba wa a Zainab, mtsikana wa Fomu 2, anaona mayi ake akukutumula thumba lopanda kanthu kachiwiri, ngati kuti mpunga ungabisale m'misoko. Mtima unamuwawa. Chaka chimenecho mvula inadula msanga ndipo mpunga unapserera m'madambo a kwa Malengachanzi. Pofika Novembala mabanja ambiri ankagonera mango owiritsa. Koma ku Nkhotakota sadaka yopanda mpunga ndi nkhani imene anthu angaikambe mpaka zidzukulu zako kuimva.

Posakhalitsa anatulukira a Swaibu, mlongo wamng'ono wa a Zainab, akupukuta thukuta ndi chipewa. Chinali chaka chachiwiri cha matipate, nthawi imene aliyense wa mawu okweza ankasanduka tcheya wa chinachake. A Swaibu, amene dzana lomweli ankagulitsa usipa pamsika, tsopano anali tcheya wa nthambi ya chipani, ndipo ankayenda ngati msewu anaulambula ndi iwo.

"Achemwali, nanga mitondo ili zii bwanji?" anafunsa. "Dzuwa likukwera ili. Ndaitana akuluakulu a chipani, akubwera ndi magalimoto."

"Mwaitana anthu, mpunga mwabweretsa?" anayankha a Zainab.

"Ine ndabweretsa mbuzi. Kumsika ndapitako, kulibe ndi njere yomwe, ogula a ku Lilongwe anasesa wonse. Kodi m'nyumba yonseyi mulibe kalikonse? Amayi athu anadyetsa mudzi wonse uno ali moyo. Lero tiwachititse manyazi ali kumanda?"

A Zainab anagwira kumaso ndi mpango wawo n'kuyamba kusisima. Apo m'pamene dzanja la Laila linapita lokha pakhosi, pamene panali kachingwe ka kiyi wa chipinda cha amalume ake aakulu, a Tahiru.

A Tahiru anali munthu wa sayansi ya mbewu. Anaphunzira mpaka kunja kwa dziko, n'kudzagwira ntchito pamalo ena ofufuzira za ulimi. Tsiku lina, m'nthawi ya chipani chimodzi, ananena pamsonkhano kuti mbewu imene akuluakulu ankakakamiza alimi sinali yoyenera dothi la kunyanja. Mawuwo anakafika kumene sanayenera kufika. Anawatenga ali pantchito, ndipo anakhala m'ndende zaka zambiri popanda kuzengedwa mlandu. Anatuluka m'nyengo ya riferendamu mano ena atatha, maso atafooka, ntchito palibe.

Abale anayembekeza kuti alowa ndale, chifukwa masiku amenewo kukhalako kundende kunali ngati satifiketi, ndipo ena anzawo anali akuyenda kale pa magalimoto akuluakulu. Koma a Tahiru anavula nsapato n'kulowa m'dambo. Ankayenda mudzi ndi mudzi kupempha nkhalamba kuti ziwapatseko kadzanja ka mbewu zakale za mpunga. Mpunga ukachita maluwa, ankanyonyomala m'matope ndi kasizasi kakang'ono, kutenga mungu wa phesi ili n'kukathira pa phesi lina, kenako n'kumanga ngalayo ndi kapepala. Msodzi wina atawafunsa chimene ankachita, iwo anayankha mosaseka kuti, "Ndikukwatitsa." Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkawatchula kuti Ankhoswe a Mpunga.

Ena ankati ndende inawasokoneza mutu. Ena kumzikiti ankanong'onezana kuti munthuyu akulimbana ndi chilengedwe cha Mulungu, ngakhale kuti mapemphero a swala sankaphonya. A Tahiru akamva ankangoti, "Amene anaika mungu m'duwa ndani? Ine ndimangonyamula, ngati mmene imachitira mphepo." Koma amene ankasenza manyazi onse anali Laila. Kusukulu anzake sankamupatsa mpata.

"Laila, ukwati wa mpunga uliko liti? Utiitane tidzavine nawo!"

Iye ankaseka nawo, koma m'kati ankapsa. Ankadana ndi zitini zimene amalume ake anadzaza m'chipinda, ndipo sanafunsepo ngakhale kamodzi kuti zinali za chiyani. Chodabwitsa n'chakuti a Tahiru pokwera sitima yapamadzi kupita ku Karonga kukafuna mbewu zina, kiyi anasiyira iye. "Uzitsegula zenera m'mawa kuti mpweya uzilowa," anatero. "Usalole aliyense kulowamo, ngakhale khoswe." Ali konko agogo anamwalira mwadzidzidzi. Anawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, uthenga n'kuupereka pawailesi, koma sitima imayenda pa tsiku lake, siimva za maliro.

"Amayi," anatero Laila tsopano, "mpunga ulipo. M'chipinda cha amalume muli wodzaza zitini. Muli ndi debe lathunthu."

A Zainab anadzutsa mutu. "Za achimwene zija? Iyayi, mwanawe. Zimene zija sitizidziwa mutu wake. Tidikire eni ake."

"Tidikire mpaka liti?" anadula a Swaibu, maso atawala. "Alendo adye kudikira? Mpunga ndi mpunga, achemwali. Wokwatiwa ndi wosakwatiwa womwe umapsa chimodzimodzi."

Amayi ena anaseka chamumtima, poti pamaliro saseka mokweza. Laila anaonjeza nkhuni pamoto. "Ndi sadaka ya amayi awo omwe. Akanakhala pano akanakana?"

Mawuwo anamveka anzeru, ndipo a Zainab anagonja. Koma tinene zoona: sichinali chisoni chokha chimene chinamulankhulitsa Laila. Pansi pa mtima ankamva kukoma poganiza kuti zitini zomuchititsa manyazi zija zitha lero, ndipo zitha pa chifukwa chimene palibe angachitsutse.

Anatsegula chitseko. M'chipindamo munali fungo la udzu wouma ndi phulusa. Pamathandala panali zitini za mkaka ndi mabotolo mizeremizere, chilichonse chili ndi nambala yolembedwa ndi penti. Pakona panali debe lotsekedwa bwino, pakamwa pake atamatapo nsalu. Laila anayamba kukhuthulira chimodzichimodzi m'dengu. Unatuluka mpunga wamitundumitundu: woyera, wofiira, wakuda ngati makala, wautali, waufupi, wina wa ndevu zazitali. Pamapeto a Swaibu anang'amba nsalu ija n'kupendeketsa debe, ndipo mpunga wake unakwirira wina wonse.

Atatulutsa madengu panja, a Esitere, mayi wachikulire wa ku tchalitchi amene sankasowa pamaliro a Asilamu anzake, anatapa pang'ono n'kuyandikitsa kumaso. Anatola njere yofiira n'kuinunkhiza.

"Ha! Uwu ndinauona komaliza ndili namwali," anatero. "Ndimayesa unatha m'dziko muno. Mwautenga kuti? Ana inu, uwu si wodya. Iyi ndi mbewu."

Koma a Swaibu anali akuomba kale m'manja. "Mayi, mbiri yakale tidzakamba mawa. Misi m'manja!"

Misi inagunda. Amayi anasinja, anapeta, mankhusu n'kukataya kuseri kwa khola la mbuzi. Mpunga utayamba kupsa, fungo lake linafika mpaka kumsewu, fungo limene ngakhale nkhalamba zinalephera kulitchula dzina. Shehe Yasini anatsogolera pemphero la dua, anthu anadya, akuluakulu a chipani anapempha mbale yachiwiri. Alimi ena ochokera ku Mwadzama, amene anabwera kudzapepesa maliro, ananyambita zala. Aliyense pochoka ankati sadaka yotere m'chaka cha njala sanaionepo. A Swaibu anatupa ngati finye. Laila anatsuka zitini zonse n'kuzibwezera pamathandala mwadongosolo, akudziuza kuti wagwira ntchito yabwino.

A Tahiru anafika sitima itabweranso. Unali m'mawa, dzuwa litayamba kale kuotcha. Sanalowe m'nyumba. Anasiya kachikwama pakhonde n'kupita kumanda ndi Shehe Yasini, mnzawo wa ku madrasa kuyambira ali ana. Pobwerako maso awo anali ofiira. Anakhala pamkeka, anamwa madzi, analandira mawu opepesa. Kenako anatembenukira kwa Laila n'kutambasula dzanja.

"Kiyi uja, mwanawe. Makoswe sanavute?"

"Sanavute, amalume," anayankha Laila. Anawapatsa kiyi uja.

Anamva chitseko chikutseguka. Kenako kunamveka chitini chikunyamulidwa n'kuikidwa pansi. Chinalira ngati chopanda kanthu. Chinamveka china, kenako china, mofulumira tsopano, botolo lina n'kugwa n'kusweka. Ndiye kunangoti zii. Ngakhale a Swaibu, amene anali pakati pofotokoza za magalimoto a alendo awo, anasiyira mawu m'kamwa.

A Tahiru anatuluka atakumbatira debe lija. Nkhope yawo Laila sanaizindikire. Analowetsa dzanja m'debemo, kupalasa pansi pake, n'kulitulutsa lopanda kanthu, n'kuliyang'ana ngati si lawo.

"Zainab," anatero potsiriza, motsitsa kwambiri. "Mwasamutsira kuti?"

A Zainab anagwada. "Achimwene, panalibe mpunga wa sadaka. Anthu anali atadzaza. Ife tinaganiza kuti..."

"Mwaphika?"

A Zainab anavomera ndi mutu.

"Zonse? Ndi debe lomwe?"

A Tahiru anakhala pansi padothi pomwepo, munthu wamkulu wovala kanzu yoyera, debe lili pamiyendo. Sanakalipe. Laila akanakonda akanakalipa, kapena kumuponyera chitini kumene. Anangokhala, akuyang'ana patsogolo ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro achiwiri.

"Aa, achimwene, musatero," anayesa a Swaibu. "Si mpunga basi? Ndilankhula ndi akuluakulu, akupezerani thumba lathunthu, labwino kuposa uja."

"Ukaupeza kuti, Swaibu?" anafunsa a Tahiru osawayang'ana. "M'zitini zija munali mbewu zimene ndinapatsidwa ndi nkhalamba za ku Nkhunga, za ku Mwadzama, za kuno. Ambiri mwa iwo ali kumanda. Zina mwa mbewuzo zinatsala m'chitini chimodzi basi padziko lonse. Ukagula kusitolo iti?"

Asanayankhe a Swaibu, pachipata panamveka "Odi!" Anali a Lenard, mlimi wa ku Mwadzama, mmodzi mwa amene anadya nawo sadaka. Anatsamiritsa njinga pamtengo, kathumba kopanda kanthu kali m'manja, nkhope ili mwee.

"Ndamva kuti sitima yafika, ndiye ndati ndisachedwe," anatero atapereka moni ndi chipepeso. "Mitambo yayamba kusonkhana, bambo. Anzanga andituma kuti ndidzatenge gawo lathu la mbewu ija, tifese nazale mvula ikangogwa."

Ataona kuti aliyense wangoti kakasi, anayang'ana debe, n'kuyang'ana a Tahiru.

"Mbewu iti?" anafunsa a Zainab mwamantha.

"Simukudziwa, mayi? Dzinja lathali bambowa anadzala kandime kakang'ono m'dambo mwanga. Mvula itadula, mpunga wanga wonse unauma, wa anzanga onse unauma. Kandime kawo kokha kanabereka. Anthu ankachoka kutali kudzaona. Tinakolola mosamala, osataya ndi ngala imodzi, n'kuthira m'debe limenelo. Anatilonjeza kuti chaka chino atigawira mabanja angapo, ife tidzagawire ena, mpaka dera lonse lino." Anaima kaye, kumwetulira kuja kukuzimirira. "Kodi chachitika n'chiyani?"

"Mpunga wa pa sadaka uja, a Lenard," anatero Shehe Yasini mwapang'onopang'ono. "Unali umenewo."

Kathumba kanagwa m'manja mwa a Lenard. Anagwira pamimba pawo ndi manja onse awiri.

"Ndiye kuti ndinadya ndine? Ndi pakamwa pangapa? Mayo ine! Ndinapemphanso mbale yachiwiri!" Anazungulira pamalo amodzi ngati wolumidwa ndi njuchi. "Ndikawauza chiyani anzanga? Ena sanasunge mbewu ina iliyonse, amadalira imeneyi!"

Laila anakumbukira mmene debe linapendekera, mmene mpunga unakhuthukira mokoma m'dengu. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Iye kiyi anali naye pakhosi masiku onsewo, amalume ake ankagona khomo loyandikana ndi lake miyezi yonseyo, koma funso limodzi lokha silinatuluke pakamwa pake.

"Simungapangenso, bambo?" anafunsa a Lenard mochonderera. "Poti nzeru zake muli nazo."

A Tahiru anapukusa mutu. "Makolo a mbewu imeneyi ndinawakwatitsa ndisanamangidwe. Atabwera kudzanditenga, kadzanja kamene ndinali nako ndinali nditasiyira amayi. Ndinangowauza kuti azidzala pakona pa munda wawo chaka chilichonse, osasakaniza ndi wina. Sanadziwe chifukwa chake. Sanadziwe ngati ndidzatuluka wamoyo. Koma anadzala, chaka ndi chaka, ngakhale zaka za njala, osadyako ndi njere imodzi. Nditatuluka anandipatsa m'kansalu." Analoza kuchipinda kuja. "Makolo akewo analinso m'zitini zija."

A Zainab analira mokweza. Zaka zimenezo iwo anali ku banja ku Dwangwa ndipo za kakona ka m'munda sankazidziwa. Shehe Yasini anasisita ndevu zawo nthawi yaitali, akuoneka kuti zimene ankafuna kunena zinkawalemera.

"Ndikhululukireni, koma ndikapanda kunena ndidzafunsidwa," anatero. "Ine ndinatsogolera dua ndisakudziwa. Sadaka imaperekedwa kuchokera pa chako. Chinthu chotengedwa mwini wake asakudziwa sichikhala sadaka, ngakhale chidyedwe ndi anthu chikwi."

Mawu amenewa anagwa ngati mphezi. A Swaibu anavula chipewa. A Zainab anadzigwetsa pansi. "Ndiye kuti amayi sitinawachitire kanthu? Zonse zija zapita pachabe? Amayi anga ine!"

Apo a Tahiru anadzutsa mutu. Anayang'ana mlongo wawo akugubuduka m'fumbi, anayang'ana cha kumanda, kenako anayang'ana m'debe muja kanthawi.

"Yasini," anaitana mnzawo ndi dzina la paubwana. "Nanga mwini wake akapereka pambuyo pake?"

"Akapereka ndi mtima umodzi, osakakamizidwa, Mulungu ndiye wodziwa zonse, ndipo ndi wachifundo."

Nkhuku zinkamveka zikupalasa kuseri kwa khola. Laila anaona manja a amalume ake akufinya m'mphepete mwa debe mpaka misempha kutuluka. Anaona kuti sichinali chinthu chapafupi. Munthuyo anali kumenyana ndi mtima wake pamaso pa onse.

"Anausunga ndi amayi," anatero a Tahiru, mawu akusweka. "Ndapereka. Mboni ndinu nonse. Wonse, wa m'zitini ndi wa m'debe, ndapereka kuti ukhale sadaka ya amayi anga. Dzuka, Zainab."

Anaika debe pansi, anaimirira movutikira, n'kulowa m'chipinda chawo. Pa zonsezi Laila sanamuyang'ane n'kamodzi komwe, ndipo sanafunse kuti anatsegula chitseko ndani. Panalibe chifukwa chofunsira. Kiyi anali mmodzi.

Anthu anabalalika mwakachetechete. A Lenard anakankha njinga yawo osaikwera. A Swaibu anazemba osatsanzika. Laila anatsala chiimire pakati pa bwalo, manyazi akumutentha kuposa dzuwa. Anali manyazi a mtundu wina, osati aja a kusukulu. Aja tsopano ankaoneka achibwana zedi. Munthu amene iye ankamuyesa chitonzo cha banja anali atanyamula chakudya cha dera lonse m'debe limodzi, ndipo iye Laila ndi amene anachipereka ku mtondo.

Nkhuku zinalirabe kuseri kwa khola. Mwadzidzidzi Laila anazindikira chimene zinkapalasa. Anathamanga, anazipirikitsa ndi mwala, n'kugwada pa mulu wa mankhusu uja. Posinja mpunga mothamanga, njere zina zimapulumuka musi n'kuuluka pamodzi ndi mankhusu popeta. Nkhuku zinali zitadya masiku onsewo, mbuzi zinali zitapondaponda, koma iye anatenga lichero n'kuyamba kupeta pang'onopang'ono, kufufuza ndi zala. Mankhusu anamuyabwa m'manja ndi m'khosi. Zambiri zimene ankatola zinali mphwepwa, akafinya n'kungophwanyika. Mayi ake anamuitana kuti adzadye, iye osayankha. Dzuwa linafika pamutu n'kupendeka, iye akadali chogwada.

Atamaliza mulu wonse, njere zamoyo zimene anapeza sizinadzaze ngakhale pakati pa chikhatho chake.

Anapeza amalume ake atakhala pamkeka m'chipinda muja, pakati pa zitini zopanda kanthu. Anagwada pakhomo n'kutambasula dzanja.

"Amalume, ndapeza izi."

A Tahiru anagwira dzanjalo n'kuliyandikitsa kumaso kwawo. Anatsinzina, anaphethira, analisendeza cha kuzenera. Kenako analisiya.

"Zasakanikirana," anatero. Mawu awo sanali aukali, komanso sanali otonthoza. "Kuti tidziwe kuti iyi ndi iti, njere iliyonse iyenera kudzalidwa payokha, kukololedwa payokha, kudzalidwanso, chaka ndi chaka. Mwina ya m'debe ilimo. Mwina mulibe. Tikhoza kuvutika zaka zonsezo n'kupeza kuti tasunga mpunga wamba. Ndipo a Lenard ndi anzawo chaka chino sitingawathandize, zimenezo zapita." Anapumira m'mwamba. "Ine maso anatsala kundende, Laila. Ngakhale njere zimenezi sindikuziona bwino. Ndipo zaka zimene ntchitoyi ikufuna, ine ndilibe."

"Zaka ndili nazo ine, amalume," anatero Laila, misozi ikutsika. "Maso ndili nawonso."

A Tahiru anamuyang'ana koyamba tsiku limenelo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, osamwetulira, ngati mmene ankayang'anira ngala asanaganize zoisunga kapena kuitaya.

"M'dambo muli misundu," anatero. "Ndipo anthu adzakuseka."

"Aseke."

A Tahiru anasendera mbali imodzi ya mkeka, anatulutsa kansalu koyera m'thumba la kanzu n'kukayala pakati pawo.

"Khala apa. Usathire zonse pamodzi. Tenga imodzi, undiuze mmene ikuonekera."

Laila anatola njere imodzi n'kuiika pansonga ya chala. Sanaione bwino chifukwa cha misozi. Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa chitenje n'kuyang'ananso.

"Ndi yaifupi, amalume. Yonenepa. Kunsonga kwake kuli kadontho kakuda."

"Ika payokha," anatero a Tahiru. "Tenga ina."